Ndinaotcha Dzungu la Apongozi

Lifuwu,
Salima.
26 Meyi, 2024.

Okondedwa achemwali Eveles,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu kumeneko ku Joni, ndiponso kuti chisanu chimene mumadandaula chija sichinakuumitseni zala. Ife kuno tadzuka. Mpunga tamweta, mpheta nazo zadya gawo lake monga zichitira chaka ndi chaka. Udzu wa kuseri kwa nyumba ya amayi, umene mumandikumbutsa pafoni iliyonse, sindinatchetchebe, koma musayambe kukalipa musanafike kumapeto kwa kalatayi.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati munthu wakale. Foni anandilanda mlamu wanu Tionenji, akuti ndi imene inalowetsa tsoka m'nyumba, ndipo ndikaiyang'ana bwino nkhani yonse sindingamutsutse. Kalatayi ndapatsira a Saidi, amuna awo a mayi Zuleka ophika masikono aja, amene akukwera basi ya kumeneko Lachiwiri. Akafika muwapatse tiyi, koma musawafunse za ine ali ndi tiyi m'kamwa, angatsamwe ndi kuseka.

Nkhani yake ndi ya dzungu, achemwali, ndipo mlanduwu tigawana pakati.

Mukudziwa kuti chikwatirire ndakhala pano pachikamwini. Ndapalira mpunga wa apongozi mpaka zidendene kung'ambika, ndafolera madenga a anthu amene sindidziwa n'komwe kuti ndi abale a mbali iti, ndipo mwendo sindinakulepo. Chimene mtima wanga unkafuna ndi chimodzi, chitengwa, kuti andilole ndimutenge Tionenji tikakhale kwathu ku Maganga. Chimwalirireni bambo amayi ali okha pakhomo paja, inu muli kutali, ine ndimangofikako mwa apo ndi apo ngati mlendo. Ankhoswe athu anakatula pempholi kuchikazi, ndipo yankho linabwera lakuti a Mateyu, amalume ake a Tionenji, adzabwera kuchokera kuboma Loweruka kuti adzagamule iwo ndi mlongo wawo.

Mlongo wawoyo ndiye apongozi anga, a Nambewe. Munawaona tsiku la ukwati lokha, choncho simukudziwa mmene timakhalira. Mayi amenewa sanandilankhulepo maso ndi maso. Si udani ayi, ndi ulemu wa makolo, iwo amaugwira ndi manja awiri. Pakhomo pano pali bakha wamphongo wokalamba, wotsimphina, ndipo mawu onse a apongozi opita kwa ine amadzera mwa iyeyo. Ndikachedwa kudzuka ndimamva panja: "Iwe bakha, anzako ali kumunda, iwe ukudikira dzuwa likupatse moni?" Bakha amangogwedeza mchira, ine n'kunyamula khasu. Nanenso ndinazolowera. Ndikafuna kubwereka chikwakwa ndimauza bakha yemweyo, ndipo chikwakwacho ndimachipeza pakhonde.

Ndiye inu munanditumizira kanema uja.

Munati mabwana anu, nyengo ino masamba akamayoyoka m'mitengo, amaotcha dzungu mu uvuni n'kuliika pambali pa nyama, ndipo alendo amatsala pang'ono kunyambita mbale. Ndinaonera kanemayo mpaka batire kutha. Mzimayi wa mukanemayo ankamwetulira ngati munthu amene alibe apongozi. Ndinayamba kuganiza. A Mateyu ndi munthu wa m'tauni, anagwirapo ntchito kunjanji, mpunga amadya ndi foloko. Ndinati akaona mkamwini wodziwa zakudya za kunja adzati mwana wa mlongo wawo akupita m'manja abwino. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Sindinaganize kuti kalumoko kangamete mwini wake.

Loweruka m'mawa pakhomo panali zii. Tionenji anali atapita kuchigayo kukapunthitsa mpunga wa alendo, apongozi anali atapita kukazonda wodwala kutsidya kwa ngalande. Ndinayang'ana maungu amene tinaunjika pansi pa nkhokwe, onse obulungira, otuwa, amadzimadzi aja oti ukaphika umachita kumwa. Sanafanane ndi la mukanema. Nditakweza maso ndinaliona padenga la khitchini ya apongozi, lokhalokha, likuothera dzuwa. Khosi lalitali, kumunsi kotakata, khungu lobiriwira la mawanga oyera. Ndinati Mulungu wandiyankha. Linali litakhala pankhata ya udzu yolukidwa bwino, ndipo munthu wanzeru akanadzifunsa kuti dzungu loiwalika limakhala bwanji pankhata. Koma safunsa anadya phula. Ndinakwera pamtondo n'kulitsitsa. Bakha anandiyang'ana ndi diso limodzi.

Uvuni m'dera lathu lino ali nayo ndi mayi Zuleka okha, ya mgolo wodula pakati, makala pansi, makala ena pachivundikiro. Ndinawapeza akuphula masikono.

"Dzungu mu uvuni mwanga?" anatero. "Astaghafirullah! A Chikhulupiriro, dzungu amaphika m'madzi. Mwayambana ndi mphika?"

"Ndi kaphikidwe ka ku Joni, mayi. Achemwali anditumizira."

"Ku Joni madzi adula? Chabwino, tiyeni tione. Koma mukandinunkhitsira uvuni, masikono a mawa mugula nokha onse."

Ndinalidula pakati. Achemwali, m'kati mwake munali mofiira ngati yolika ya dzira la nkhuku yachikuda, ndipo mpeni unkachita kukakamira. Ndinalicheka m'tizigawo topindika, khungu osasenda monga anachitira mzimayi uja. Ndinapaka mafuta ophikira, ndinawaza mchere, ndinasinja adyo ndi kambuzi pang'ono. Uchi ndinali nawo wa m'kabotolo ka chifuwa ka Tionenji. Ufa wonunkhira wofiirira wa mukanema uja sindinaupeze, mayi Zuleka anandithirirako masala awo a tiyi. Zinatsala ndi timasamba tosongoka timene mzimayiyo anawaza pamwamba. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaona mpungabwi kumpanda, ndinathyolako nsonga ziwiri.

"Umenewo timathamangitsira udzudzu," anatero mayi Zuleka.

"Ndiye alendo adya mwamtendere," ndinayankha.

Kenaka anatenga mbale imene ndinakoloweramo nthanga. "Izi ndikuyanikireni padzuwa?"

"Ayi, nazonso zilowa. Mukanema anazitsuka, anazithira mchere, anaziotcha, n'kuziwaza pamwamba."

"Zonse?"

"Zonse, mayi. Chakudya cha alendo sachita kuumira."

Ananyamula kachigawo kamodzi n'kukatembenuza, kuyang'ana khungu nthawi yaitali. "Koma dzunguli likundikumbutsa kwinakwake. Mwalitenga kuti?"

"Kunyumba konko."

"Eni ake akudziwa?"

"Ndi sapulaizi."

"Wallahi," anatero akuvundikira mgolo, "sapulaizi ikhalapo."

Ndisaname, fungo limene linatuluka mumgolo uja linaimitsa anthu pamsewu. Wakabaza wina anatsitsa pasinjala kuti adzangofunsa. Titavundukula, m'mbali mwa tizigawo munali mutapserera pang'ono, uchi utamatirira, m'kati mofewa, mwa ufa. Mayi Zuleka analawa kamodzi, anatseka maso, anati "Alhamdulillah," kenaka anandiyang'ana mwachifundo chimene sindinachimvetse panthawiyo. Ndinavundikira thireyi ndi nsalu yoyera n'kuyenda kubwerera kunyumba mutu uli m'mwamba ngati ndapha mvuu.

A Mateyu anafika masana atavala jekete, ankhoswe athu nawo anafika panjinga yawo. Amunafe tinakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango, azimayi anayala mkeka chapatali pafupi ndi khitchini. Tionenji anabweretsa mpunga ndi nkhuku. Atangobwerera, ine ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa thireyi yanga. Ndinavundukula pang'onopang'ono kuti fungo liyambe ndilo kulankhula.

A Mateyu anaika foloko pansi.

"Akamwini, dzungu pambali pa mpunga? Pakhomo pano pagwa njala?"

Apo m'pamene ndinakumbukira chimene mwana aliyense amadziwa, ndipo inu munachiiwala chifukwa cha kukhalitsa kunja. Kwathu kuno dzungu ndi la m'mawa, kapena la masiku amene nkhokwe yayamba kuonetsa pansi. Kumuikira mlendo wolemekezeka dzungu patebulo n'chimodzimodzi kumuuza kuti bwana, zinthu zavuta. Ndinayamba kufotokoza za ku Joni, za masamba oyoyoka, thukuta lili kamukamu. Ankhoswe athu anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mango amene kulibe.

Mwaulemu chabe, a Mateyu anabaya kachigawo kamodzi. Anatafuna. Anasiya. Anatafunanso. Anabaya kachiwiri, kenaka anaika foloko pambali n'kupinda mkono wa jekete.

"Ili ndi dzungu?" anafunsa. "Dzungu lomweli timadya titakwiyali?"

Nkhuku inaiwalika, achemwali. Nkhuku yathunthu, imene Tionenji anaithamangitsa m'bandakucha wonse, inangokhala m'mbale ngati mlendo wosaitanidwa. Nthanga zija a Mateyu ankazikukuta ngati mtedza, zina anatapa n'kuika m'thumba la jekete kuti azikadya m'minibasi. "Mkamwini wotere," anauza ankhoswe athu, "mwana sangagone ndi njala ngakhale mutamupititsa kuchipululu." Ndinamva chitengwa chikundigwira m'manja. Kenaka anatenga kambale, anaikamo zigawo ziwiri, n'kuitana. "Tionenji, kawapatse mayi ako alaweko. Mlongo, idyani muone zimene mwakhala mukubisa pakhomo pano!"

Apongozi analandira kambale ndi manja awiri. Ananunkhiza. Anatembenuza chigawo n'kuona khungu la mawanga oyera. Kenaka, pang'onopang'ono, anakweza maso kuyang'ana padenga la khitchini, pamene panali patatsala nkhata yokha.

Tionenji anagwira pakamwa.

"Iwe bakha," anatero apongozi ndi mawu otsika. Bakha, amene ankatola mpunga pansi pa tebulo, anatukula mutu ngati akudziwa kuti ntchito yayamba. "Iwe bakha, Nakhosi ali kuti?"

Ine ndinali ndisanadziwe n'komwe kuti dzungu limakhala ndi dzina.

"Chabwino, wadyedwa. Chakudya n'chodyedwa. Tsono nthanga zake zili kuti, ndikayanike?"

M'kamwa mwa a Mateyu munamveka kuti khukhutu, komaliza. Nsagwada zinaima.

Zimene anauza bakha pambuyo pake sindidzaziiwala. Anati Nakhosi anamulandira kwa mayi awo, amenenso anamulandira kwa mayi awo, ndipo mbewu imeneyi sinagulidwepo kapena kugulitsidwa pamsika. Anati chaka chino madzi atasefukira m'munda mwawo mu Malichi maungu onse a mtunduwu anaola, kunapulumuka limodzi lokha limene linayanga pachulu. "Ndinaliika padenga kuti likhwime," anatero, "chifukwa mwana wamkazi wa mtundu wathu sachoka pamudzi chimanjamanja. Amanyamula nthanga za kwawo, kuti kumene akupitako akadye za mayi ake. Ine ndinali nditavomera kale, bakha iwe. Ndimangodikira achimwene afike kuti ndilitsitse ndi manja anga. Tsono mbewu yadyedwa ndi mchere. Popanda mbewu palibe ulendo."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko mofatsa. Kukanakhala bwino akanachimenyetsa.

A Mateyu anapisa m'thumba n'kutulutsa nthanga zija, zili noninoni ndi mafuta. Anaziyang'ana, anandiyang'ana. "Akamwini, izi titaziviika m'madzi sizingamere?" Ankhoswe athu anakumbukira mwadzidzidzi kuti tayala la njinga yawo limaphwa dzuwa likapendeka, ndipo anatsanzika ali chiimire. Komabe chigawo chomaliza anapita nacho.

Tionenji sanakalipe, ndipo n'zimene zinandipweteka koposa. Anangotambasula dzanja, ine n'kuikamo foni. "Inu, dzungu la pankhata?" anatero. "Ngakhale mbuzi za pano zimalidziwa." Kenaka anandionetsa kuseri kwa chitseko, kumene anali atamanga kale mbale zake ndi zikho m'chitenje, ndipo analira. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, achemwali. Ndinadya chilolezo changa ndekha, ndi adyo.

Masiku otsatirawo ndinasanduka wofufuza nthanga. Ndinayenda khomo ndi khomo kufunsa ngati a Nambewe anagawirapo wina mbewuyo. Aliyense anati amagawa dzungu lophikaphika, nthanga ayi. Ndinakafukula kudzala kwa mayi Zuleka kuti mwina ina inagwera pansi potsuka, ndinapeza nkhuku zawo zitandiyambirira, zikuyenda monyada. Mbiri nayo inali itafika kale kumsika wa nsomba. Ndikadutsa anyamata ankafuula kuti, "Shefu! Lero tiotcha chiyani, mbewu ya chimanga?" Apongozi anasiya kulankhula ngakhale ndi bakha, moti nayenso anayamba kuoneka wosowa chochita.

Lachinayi ndinapalasa njinga kupita ku Maganga kuti ndikawauze amayi kuti zakanika. Ndinawapeza atakhala pakhonde. Nditatsika panjinga anafunsa kuti, "Ndani?" Ndinaseka, ndinayesa akundinyogodola chifukwa chosabwerabwera. Nditawafotokozera zonse anaseka mpaka misozi, akuti bambo athu nawonso anaphapo nkhuku yoikira ya apongozi awo. Kenaka anati, "Usadandaule, mwanawe, ine ndili bwino ndekha." Koma dzanja langa sanalisiye msanga.

Ndisananyamuke ndinazungulira kuseri kuti ndikadzithandize. Udzu wanu uja unali utafika m'chiuno, kanjira kokha kopita kuchimbudzi ndiko kanali kopondeka, ndipo m'mbali mwake munali chingwe chatsopano chomangidwa kuchokera pakhonde. Ndinati amayi ayamba kuyanika zovala pansi chonchi bwanji, koma sindinaganizepo zambiri. Pobwerera ndinapatuka kuti ndione kukula kwa ntchito yotchetcha. Phazi linakodwa, ndinagwa chafufumimba, mphuno m'dothi. Nditatsegula maso ndinapeza ndikuyang'anizana ndi khosi lalitali la mawanga oyera.

Ndinayesa ndafa ndipo dzungu landitsatira kuti tikaweruzidwe limodzi.

Ndinakwawa m'udzumo ngati mwana. Lina apa, lina apo, lina litakwera pampanda wa bafa, onse ochokera patsinde limodzi kudzala. Apo ndinakumbukira. Chaka chatha amayi atadwala malungo, apongozi anapatsira Tionenji dzungu kuti akawaphikire, ndipo matumbo ake anakataya kudzala kuja. Mvula itagwa linamera lokha, linayanga lokha, ndipo linapulumuka chifukwa mlongo wanu ndi waulesi. Ndikanamvera inu n'kutchetcha mu Febuluwale, bwenzi lero tikunena zina. Izi muzikumbukire tsiku lina mukamadzandikalipira.

Ndinathyola limodzi, ndinalikulunga m'shati langa, ndinalimanga pakaliyala ngati mwana wodwala, ndipo mabampu onse a njira ya ku Lifuwu ndinawadutsa chotsika. Nditafika ndinaliika pamkeka pakati pa bwalo, ndinagwada, n'kuitana mnzanga uja.

"Iwe bakha, kawauze mayi kuti Nakhosi sanafe. Ali ku Maganga, ndipo ali ndi abale ake."

Chitseko chinatseguka pang'ono. Kunatuluka dzanja, kenaka apongozi onse. Analigogoda ndi chala, analikanda khungu ndi chikhadabo, analinunkhiza kukhosi.

"Iwe bakha," anatero, "kumsika wa kuboma maungu a makosi aliko. Munthu amene anaotcha mbewu angalepherenso kugula umboni? Ndikaone ndekha pamene lamera."

M'mawa mwake anakwera kabaza wa njinga yamoto, iwo ndi Tionenji, chinthu chimene analumbira kuti sadzachita ali moyo. Ine ndinkatsatira panjinga yanga ndikumeza fumbi lawo. Bakha tinamusiya, ndipo njira yonse ndinkadzifunsa kuti tikalankhulana bwanji.

Nditafika ndinapeza apongozi atalowa kale m'udzu, chitenje atakwinya, akutsata mnkhwani ndi manja mpaka patsinde. Anatulukamo ali ndi chisoso m'mutu monse, atanyamula dzungu lalikulu pachifuwa, nkhope ikuwala ngati mtsikana. Anapita nalo kukhonde kumene amayi anakhala.

"Asewere," anatero, "chuma chonsechi kuseri kwa nyumba, inu osadyako ngakhale limodzi? Kapena maungu a kwathu mumawanyoza?"

"Maungu ati, asewere?" anafunsa amayi.

Apongozi anali ataima pafupi, kutalika kwa mkeka umodzi, dzungu lili m'manja. Amayi ankayang'ana kumene kunkachokera mawu, akumwetulira, koma maso awo anali pambali pang'ono. Apongozi anasendera, anagwada, analiika pamiyendo pawo. Amayi analisisita ndi manja onse awiri kuyambira kukhosi mpaka kumunsi. "Ii, lalikulu chonchi? Lamera pano?"

Kuseka konse kunandithera, achemwali. Ndinayang'ana chingwe chija chochokera pakhonde kupita kuchimbudzi, chofika m'chiuno, ndipo ndinazindikira kuti sichinayanikidwepo chovala. Ndinakumbukira "Ndani?" wa dzulo lake. Apongozi atawafunsa mofatsa, amayi anavomera kuti chiyambire mvula maso akuchita chifunga, kuti munthu amamuona ngati chithunzithunzi, ndipo madzi amawatungira ndi mkazi wa kuseri kwa tchalitchi akakumbukira. Anati sanafune kutiuza chifukwa wina ali pachikamwini, wina ali kunja, ndipo aliyense ali ndi katundu wake. Ine mwana wawo ndinabwera, ndinadya, ndinacheza, osaona kanthu. Anaona ndi mayi amene anabwera kudzafufuza dzungu.

Apongozi anagwira dzanja la amayi. Kenaka anayang'ana uku ndi uku, ndikuganiza kuti ankafuna bakha. Panalibe ngakhale nkhuku. Ndiye anatembenuka n'kundiyang'ana ine, m'maso mwenimweni.

"Chikhulupiriro, mwana wanga."

Sindinkadziwa kuti dzina langa amalidziwa.

"Mbewu inatsogola kale, yafika, yabereka. Ife ndife tachedwa. Tengani mkazi wanu, musadikire mwezi. Koma mukadzakhudzanso chilichonse chokhala pankhata, ndidzabwera ndekha kudzamutenga."

Ndinayankha kuti zikomo, koma mawu anatuluka ngati a bakha yemwe uja.

Choncho tikusamuka Loweruka likudzali. A Mateyu atumiza mawu kuti avomereza ndi mtima wonse, ndipo akufunsa ngati ufa wonunkhira uja mungawatumizireko weniweni. Mayi Zuleka ayamba kugulitsa dzungu lootcha pambali pa masikono, likutha dzuwa lisanafike pamutu, koma nthanga amachotsa n'kuyanika, ndipo aliyense wogula amamuuza chifukwa chake ndi dzina langa lomwe. Apongozi atipatsa bakha kuti tipite naye, akuti pakhomo pawo ntchito yamuthera. Tionenji akuti foni adzandibwezera tikafika, ndipo akuti ndikuuzeni kuti mukadzatumizanso kanema wa zophika mudzatumize kwa iye.

Tikangokhazikika ndiwatengera amayi kuchipatala cha maso. Anthu akuti zikakhala ng'ala amatha kuchotsa, koma sindikulonjezani chimene sindikuchidziwa. Amayi anandiletsa kukuuzani pafoni, akuti mudzalira muli pantchito ya eni. Za kalata sananene, ndipo ngakhale akananena ndikanalembabe, chifukwa ndi mayi anunso.

Dzulo ndinapitanso ku Maganga kukakonza chipinda chathu, ndipo amayi anandituma ntchito imodzi. Anati ndisankhe dzungu labwino koposa onse. Ndinawabweretsera atatu, anawapapasa, anasankha okha. Nkhata analuka ndi manja awo osayang'ana, ine ndinakwera n'kuliika padenga la khitchini. Ndinafunsa ngati ndi la mbewu. Anati la mbewu asunga apongozi. "Ili ndi la Eveles. Adzaliotche yekha mwa ku Joni mwakemo, ndidzalawe za m'manja mwake." Kenaka anandifunsa ngati munanenepa, chifukwa zithunzi zimene mumatumiza pafoni ankangovomera kuti zakongola. Akuti nkhope yanu imene ali nayo ndi ya tsiku lija munakwera basi padepoti mutavala diresi yobiriwira.

Sindikupemphani katundu, achemwali, ngakhale nsapato zija ndinkanena zisiyeni. Apongozi akuti Nakhosi akakhala padenga amapirira mpaka mphepo ya Ogasiti, akapitirira apo amayamba kufewa kukhosi. Pemphani tchuthi kwa mabwana anu. Muwauze kuti kaphikidwe kawo kanatsala pang'ono kuthetsa banja, choncho ali nafe ngongole ya masiku ochepa.

Moni kwa alamu, muwauze kuti mpunga wawo ndasunga thumba la pambali. Tionenji akupereka moni, a Nambewe akupereka moni, ndipo moni umenewu anandiuza ine mwini, osadzera kwa wina. Amayi sanapereke moni poti sakudziwa kuti ndikulemba, koma dzulo ndisananyamuke anafunsa katatu konse ngati dzungu lanu likadali padenga, ndipo ankafuna munthu achite kutuluka kukaliona. Palibe adzalikhudze, ine ndiye mlonda wake. Bwerani akuoneni, achemwali, akadatha kuona ngakhale pang'ono.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Chikhulupiriro.